Mmene mungawerengere chithunzi cha nkhondo cha m'zaka za m'ma 1800

Chithunzi chakale cha nkhondo chikakupezani pa foni, musathamangire kuyang'ana nkhope kapena mfuti. Yambani mwafunsa kuti wojambulayo anafika liti pamalopo. Pa zithunzi za pakati pa 1847 ndi cha m'ma 1880, yankho limakhala lomwelomwelo pafupifupi nthawi zonse: anafika nkhondo isanayambe, apo ayi anafika itatha, utsi utabalalika, mwina patapita miyezi. Kamera ya nthawi imeneyo inali yolemera ndiponso yochedwa, moti chilichonse cholowa m'chithunzi chinali ndi mpata woimikidwa, kukhazikidwa pansi kapena kusunthidwa.

Ine ntchito yanga ndi yojambula. Ndinayambira kuno ku Ngabu nthawi ya filimu, tikutsuka tokha zithunzi m'kachipinda kamdima thukuta lili chuchuchu, ndipo lero ndimadyera zithunzi za ziphaso, zinkhoswe ndi maukwati. Aphunzitsi a mbiri yakale a m'masukulu a kuno amabwera ndi zithunzi pa foni kudzafunsa ngati zili zenizeni asanakaonetse ana. Zimene ndimawauza ndi zimene ndalemba apazi.

Dziwani kaye ntchito imene inali kuseri kwa kamera

Luso lojambula linalengezedwa ku Paris mu 1839. Njira ya Louis Daguerre inkatulutsa chithunzi chimodzi chokha pa kachitsulo ka kopa kokutidwa ndi siliva, chosatheka kuchulukitsa. Zithunzi zoyamba za nkhondo zimene zikudziwika n'za mtundu umenewu, zojambulidwa mu 1847 m'tauni ya Saltillo pa nkhondo ya America ndi Mexico. China chikuonetsa mkulu wa asilikali John Wool ndi anthu ake ali pa akavalo mumsewu, ataima kudikira kamera. Posakhalitsa John McCosh, dokotala wa asilikali a Britain ku India, anajambula pa mapepala a mankhwala pa nkhondo yolimbana ndi Asikh mu 1848 ndi 1849, kenako ku Burma mu 1852. Izi mungozidziwa n'kupitirira. Zithunzi zambiri zimene mudzakumane nazo zinapangidwa ndi njira ya galasi lonyowa, imene Frederick Scott Archer anatulukira mu 1851, ndipo imeneyi ndiyo yofunika kuimvetsa bwino.

Wojambula ankapukuta galasi mpaka pasakhale kafumbi. Ankaligwira pakona, n'kuthira pakati pake mankhwala otchedwa collodion, onanda ngati madzi a therere, opangidwa ndi thonje loviikidwa mu asidi kenako n'kusungunulidwa mu ether ndi sipiriti. Ankapendeketsa galasilo uku ndi uku kuti mankhwala afike paliponse, otsalawo n'kuwabwezera m'botolo kudzera pakona imodzi. Ali mumdima ankaliviika kwa mphindi zitatu kapena zinayi m'madzi a siliva, amene ankadetsa zala bii kwa masiku. Zikatero galasi layamba kumva kuwala. Ankalitsekera m'kabokosi kopyapyala, kuthamanga nalo ku kamera imene anaiimika kale pa miyendo yake itatu, kulilowetsa, kuchotsa kachivindikiro ka kutsogolo, kuwerenga masekondi, kuvindikiranso, kubwerera mumdima, n'kuthira mankhwala otulutsa chithunzi. Kuyambira pothira collodion mpaka apa zinkayenera kutheka galasi lisanaume, mkati mwa mphindi 10 kapena 15. Likauma lafa, muyambirenso. Pambuyo pake ndiye pankabwera kutsukuluza ndi kulimbitsa chithunzi, ambiri akugwiritsa ntchito cyanide, poizoni wopha munthu nthawi yomweyo.

Ndiye kuti chipinda chamdima chinkayenda limodzi ndi kamera. Roger Fenton, wojambula wa ku Britain, popita mu 1855 ku nkhondo ya ku Crimea, imene Britain ndi anzake ankamenyana ndi Russia, anagula ngolo imene kale inali ya wogulitsa vinyo, n'kuisandutsa motsukira zithunzi ndi mogona momwe, ndipo ananyamula makamera asanu ndi magalasi 700. Womuthandiza wake, Marcus Sparling, alipo pa chithunzi china atakhala kutsogolo kwa ngoloyo. Chingolo chotero simungakachiimike pakati pa anthu akuomberana. Chinkaonekera patali, ndipo mizinga ya Russia inkachilondola.

Pali vuto lina limene ife a kuchigwa cha Shire timalimva m'thupi pamene ena amangoliwerenga. Ether amawira kutentha kukangofika madigiri 35, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala timapyola 40 dzuwa lili paliwombo. Fenton anafika padoko la Balaklava ku Crimea mu Malichi. Pofika Juni kutentha kunali kutamupanikiza moti ankagwira ntchito m'mamawa mokha, mankhwala akuuma msanga pagalasi, fumbi ndi ntchentche zikukakamirapo. Anachoka mwezi womwewo atadwala kolera, ali ndi zithunzi pafupifupi 360.

Musanapitirire, yesani nokha. Pezani foni imene kamera yake imalola kusintha kutalika kwa nthawi yojambula. Madzulo dzuwa litangolowa, itsamiritseni pa njerwa kuti isagwedezeke, muike masekondi 8. Imikani anthu atatu pafupi ndi ngolo ya ng'ombe, muwauze kuti akhale duu, koma mmodzi atembenuze mutu pakatikati ndipo mwana adutse kutsogolo. Mudzapeza ngolo ikuoneka bwinobwino, awiri aja ali bwino, wachitatu ali ndi nkhope ziwiri zosungunuka, mitu ya ng'ombe ili mbuu, mwana uja kulibe kapena wangosiya kamthunzi. Fenton ankafunika masekondi apakati pa 3 ndi 20 pa chithunzi chilichonse, masana. Mukaona zimenezi ndi maso anu simudzafunsanso chifukwa chake mulibe asilikali othamanga m'zithunzi za ku Crimea.

Zizindikiro za pa chithunzipo

Pa chithunzi chenicheni cha m'ma 1850 ndi 1860, chinthu chosayenda chimaoneka bwino modabwitsa: mabatani a yunifolomu, misomali ya pa gudumu la mzinga, ming'alu ya khoma. Galasi linali lalikulu, ndipo potulutsa chithunzi ankangolisanjika pa pepala n'kuika padzuwa, osakulitsa, choncho silinkataya kanthu. Koma choyenda chilichonse chimafufutika. Fufuzani mbendera, mchira wa kavalo, masamba a mitengo, galu. Madzi a mumtsinje amaoneka osalala, opanda mafunde. Onaninso kaimidwe ka anthu: wina watsamira mtengo, wina wagwira phewa la mnzake, wina wayedzamira mfuti. Si matama ayi, akudzichirikiza kuti asagwedezeke.

Kenako kwezani maso kumwamba. Mankhwala aja ankamva kwambiri mtundu wa buluu, koma kufiira ndi chikasu sankazimva bwino. Motero thambo limatuluka loyera mbee lopanda mitambo, ndipo majekete ofiira a asilikali a Britain amaoneka akuda. Khungu lathuli nalo linkatuluka lakuda kuposa mmene lilili, nkhope n'kutayika, n'chifukwa chake pa zithunzi zambiri zakale mzungu mumamuona maso pamene wonyamula katundu ali pambali pake mumangoona thupi. Mukapeza mitambo yokongola pamwamba pa bwalo la nkhondo la mu 1860, dziwani kuti anaiwonjezera kuchokera pa galasi lina, kapena chithunzicho si cha nthawi imeneyo.

M'mphepete namo muli umboni: kona imodzi yopanda kanthu pamene panali chala, mizere ya mmene mankhwala anayendera, timadontho ta fumbi, mng'alu wa galasi. Anthu otumiza pa WhatsApp amadula m'mphepetemo, ndiye funani chithunzi chathunthu. Library of Congress ya ku Washington inaika pa intaneti zithunzi zambiri za Fenton ndi za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, zaulere, ngakhale zazikuluzo zimadya bandulo.

Siyanitsani cha kamera ndi chosema

Nyuzipepala za nthawiyo sizinkatha kusindikiza chithunzi cha kamera. Mpaka cha m'ma 1880 ndi 1890, mmisiri ankayang'ana chithunzi kapena chojambula pamanja n'kuchisema pa thabwa, thabwalo ndi lomwe linkadinda pepala. Umu ndi mmene Illustrated London News ndi Harper's Weekly zinkaonetsera nkhondo, ndipo wosema anali ndi ufulu wowonjezera utsi, akavalo odumpha ndi malupanga m'mwamba. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri. Mukaona kuti mithunzi yapangidwa ndi timizere tambirimbiri topingasana, chimenecho n'chosema.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Chithunzi chija ambiri tinachiona m'mabuku a kusukulu, cha akapolo ali pamzere, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe, chikufotokoza gulu limene David Livingstone anakumana nalo pamudzi wa Mbame mu Julayi 1861, atakwera mapiri kuchokera kwa Chibisa ku Chikwawa kuno pa ulendo woperekeza Bishopu Mackenzie. Zinachitikadi, ndipo anthu 84 anamasulidwa. Koma chithunzicho n'chosema, chinatuluka m'buku la Livingstone mu 1865, ndipo amisiri ake anali ku Britain. Aphunzitsi, chionetseni ndithu, koma muwauze ana kuti nkhope zimene akuonazo si za anthu amene anali pa Mbame.

Funani chithunzi chinzake

Iyi ndiyo njira imene ndimaidalira kuposa zonse. Wojambula amene wavutika kuimika kamera kawirikawiri sajambula kamodzi, ndipo chithunzi chachiwiri chimaulula zimene choyamba chabisa.

Pa 23 Epulo 1855 Fenton anaimika kamera m'kachigwa kena pafupi ndi mzinda wa Sevastopol ku Crimea, kamene asilikali ankakatchula ndi mawu a mu Salimo 23, chigwa cha mthunzi wa imfa, poti mizinga ya Russia inkagwetsamo mipira yake yachitsulo tsiku ndi tsiku. Lembani pa Google kuti Fenton Valley of the Shadow of Death, mufune malo amene aika zithunzi ziwiri pamodzi. Zonse anazijambula kamera ili pamalo amodzi. Mulibe munthu, mulibe mtengo, muli msewu wafumbi pakati pa zitunda ziwiri basi. Pa china mipira ija yadzaza m'ngalande ya m'mbali, msewu uli see. Pa chinzake ili mbwee pamsewu pomwe. Chachiwirichi ndicho chinatchuka.

Funso ndi lakuti chinayamba ndi chiti. Ngati chinayamba cha mipira pamsewu, ndiye kuti asilikali anadzaitola pambuyo pake, ndipo palibe mlandu. Ngati chinayamba cha msewu wopanda kanthu, ndiye kuti wina anaiikapo. Anthu anakangana zaka zambiri, aliyense akuweruza malinga ndi mmene ankamuganizira Fenton. Errol Morris, wopanga mafilimu wa ku America amene analemba za nkhaniyi mu 2007, anapita mpaka ku Crimea kukafuna malowo, anayesa kuwerenga mithunzi, koma yankho linachokera kwa mnzake amene anasiya mipira n'kuyang'ana miyala. Timiyala tingapo ta pachitunda tili m'mwamba pa chithunzi cha msewu wopanda kanthu, ndipo pa chinzakecho tatsikirako pang'ono. Mwala ukapondedwa umagubudukira kumunsi, sukwera phiri. Choncho cha msewu wopanda kanthu ndicho chinayamba, kenako anthu anayendayenda pamenepo, mipira n'kufika pamsewu.

Anaiika ndani? Ena amati asilikali ankaiponyera pamsewu kuti adzainyamule n'kukaomberanso. Ine monga wojambula ndimakhulupirira kuti Fenton anachita dala, chifukwa dzanja la wojambula silikhala phee likaona kuti pakati pa chithunzi pali mpata. Koma miyala ija yangotiuza dongosolo la zithunzi, sinatiuze za mtima wa munthu, ndipo inu pophunzitsa musadutse pamene umboni walekezera. Dziwaninso kuti ambiri amaganiza kuti apa ndi pamene asilikali a pa akavalo a Britain anathera mu Okutobala 1854. Ayi, chimenecho ndi chigwa china, kufupi ndi Balaklava.

Ngati muli ndi kompyuta, tsegulani zithunzi ziwirizo pa kukula kofanana, muzisinthanitsa mofulumira. Chimene chasuntha chimadumpha chokha m'maso.

Mitembo ndi ya ndani, ndipo yagona pamenepo kuyambira liti

Pa zithunzi zonse za Fenton mulibe mtembo wa msilikali. Komatu anafika nyengo yozizira yoopsa ya 1854 ndi 1855 itangotha, imene mtolankhani wa The Times, William Howard Russell, analemba za asilikali akufa ndi kuzizira ndi matenda, ndipo pa nkhondo yonseyo matenda anapha asilikali a Britain ambiri kuposa zipolopolo. Zimene Fenton anabweretsa ndi akuluakulu a asilikali atakhala pakhomo pa tenti, ena akumwa, doko lodzaza sitima. Apa funsani kuti analipira ulendo ndani. Anali Thomas Agnew, wamalonda wa ku Manchester amene ankafuna kugulitsa zithunzizo kwa mabanja opeza bwino, ndipo Fenton anatenganso makalata omudziwikitsa ochokera kwa Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Munthu sagula chithunzi cha mwana wake atawola.

Mitembo inayamba kuoneka pamene akufawo anali a mtundu wina. Wojambula Felice Beato anafika ku Lucknow, India, mu 1858, n'kujambula bwalo la nyumba yotchedwa Sikandar Bagh, kumene asilikali a Britain anapha amwenye oukira pafupifupi 2,000 mu Novembala 1857. Pa chithunzicho nyumba ili yobowokabowoka, amuna angapo aima ndi kavalo, ndipo pabwalo ponse pali mafupa ndi zigaza. Werengani miyezi: papita inayi kapena kuposa. Akatswiri ambiri amavomerezana kuti mafupawo anachita kuwafukula kapena kuwayala kuti alowe m'chithunzi. Yang'anani mmene amwazikira mofanana mpaka kutsogolo kwa kamera, zigaza zambiri zili poonekera. Mu Ogasiti 1860 Beato yemweyo analowa m'malinga a Taku ku China atangogwa, ndipo dokotala wina wa asilikali a Britain analemba kuti anamupeza akupempha kuti mitembo ya Matchaina isachotsedwe mpaka atamaliza kujambula.

Ku America, a kumpoto ndi a kumwera akumenyana pachiweniweni, nkhondo ya pa Antietam inachitika pa 17 Sepitembala 1862, ndipo anthu pafupifupi 23,000 anafa, kuvulala kapena kusowa tsiku limodzi. Alexander Gardner ndi James Gibson anayamba kujambula patapita masiku awiri. Mitembo yambiri pa zithunzi zawo ndi ya asilikali a kumwera, mbali imene inathawa pabwalopo, chifukwa a kumpoto ankayamba kuika anzawo m'manda. Matupi otupa, matumba otembenuzidwa, mapazi opanda nsapato, zonsezi zikukuuzani kuti papita masiku ndipo anthu ena adutsapo kale. Mwezi wotsatira zithunzizo zinaonetsedwa ku New York mu situdiyo ya Mathew Brady, ndipo anthu anakhamukirako.

Apa pali phunziro lina la mayina. Zithunzi zambiri zolembedwa kuti n'za Brady sanajambule iye. Iye anali mwini bizinesi, wolemba ntchito ojambula, ndipo dzina lake ndi lomwe linkadindidwa. Gardner, amene ankamugwirira ntchito, anachoka n'kukayamba yake, ndipo m'buku lake la zithunzi 100 la mu 1866 ankalemba dzina la wojambula aliyense, monga Timothy O'Sullivan. Koma Gardner yemweyo ndi amene anatisiyira chinyengo chodziwika kwambiri. Pa Gettysburg mu Julayi 1863 anajambula mnyamata wa kumwera atafa pakati pa matanthwe awiri, kuseri kwa kakhoma ka miyala, mfuti itatsamira khomalo, n'kulemba kuti anali katswiri wolasa patali amene anafera pamalo ake. Mu 1975 William Frassanito, wofufuza mbiri yakale, anaonetsa kuti mtembo womwewo uli pa zithunzi zina za gulu lomwelo, utagona pa udzu pamalo ena, mamita makumi angapo kuchokera pamenepo. Nkhope ndi yomweyo, zovala ndi zomwezo. Mfutinso si ya mtundu umene olasa patali ankagwiritsa ntchito. Gardner anafika polemba kuti atabwererako mu Novembala anapeza mafupa ali pompo, mfuti itachita dzimbiri ili chitsamire. Mawu a m'munsi mwa chithunzi muziwatenga ngati umboni wa munthu mmodzi amene ali ndi katundu wogulitsa.

Lamulo la mitembo ya adani limagwira kwina konse. Mu 1866 ojambula ochokera ku Montevideo anajambula milu ya asilikali akufa a Paraguay, dziko limene Uruguay inkamenyana nalo. Mitembo ya asilikali a Britain itadzaza m'ngalande pa Spion Kop ku South Africa mu Januwale 1900 inajambulidwa kuchokera ku mbali ya Maburu.

Palinso zabodza zenizeni. Pambuyo pa kuukira kwa mu Paris mu 1871, Eugène Appert anaimika anthu ochita sewero, kudula nkhope za anthu enieni n'kuzimata pa matupi awo, n'kujambulanso. Pa zotere yang'anani mitu yosiyana kukula ndi mithunzi yoloza mbali zosiyana. Zamasiku ano zopangidwa ndi kompyuta zimagwidwa ndi kukongola kwake: utsi, mitambo, anthu othamanga ooneka bwinobwino, zonse pamodzi, n'kulembapo 1862. Chiikeni pa Google Lens muone kumene chinayambira. Chenicheni chimakufikitsani ku laibulale kapena nyumba yosungira zakale, chili ndi dzina la wojambula kapena nambala yake.

Nanga za kuno kuchigwa

Ulendo wa Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, wa 1858 mpaka 1864, unali ndi makamera. Mng'ono wake, Charles Livingstone, ndiye anapatsidwa ntchito yojambula, koma zinamukanika ndipo zake zotsala n'zochepa kwambiri. Amene anatulutsa zooneka ndi John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera wa gululo, amene ankagwiritsa ntchito mapepala opaka phula m'malo mwa galasi lonyowa. Pepala ankatha kulikonzeratu n'kudzalitsuka pambuyo, nzeru yabwino m'dziko lotentha, koma linkafuna mphindi zingapo kuti ligwire chithunzi. N'chifukwa chake zithunzi za Kirk, zimene zikusungidwa ku National Library of Scotland, zambiri n'za milambe, nyumba, mtsinje ndi sitima.

Zaka zomwezo chigwa chino chinali pamoto. Matekenya ndi anthu ake ankagwira akapolo kumunsi kwa Shire, kumtunda Ayao ndi Amang'anja ankamenyana, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapha anthu ochuluka moti a paulendowo analemba za mitembo ikuyandama mu Shire. Pepala lofuna mphindi zingapo silikanagwira chinthu choyenda ndi madzi. Choncho wina akakutumizirani chithunzi chooneka bwinobwino cha anthu akumenyana n'kunena kuti ndi Shire mu 1863, mukudziwa kale choyankha.

Chaka chimasintha zinthu, ndiye muzichiyang'ana. Mu 1871 Richard Maddox anatulukira galasi louma, limene pofika cha m'ma 1880 linkagulidwa m'sitolo lokonzeratu ndipo linkagwira chithunzi m'kanthawi kosakwana sekondi. Kodak inabwera mu 1888. Motero pamene asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal ankaomberana ndi Makololo a Mlauli cha kufupi ndi Ruo mu Novembala 1889, mkangano umene unachititsa Britain kuopseza Portugal mu Januwale 1890, kamera yonyamula m'manja inali ilipo kale padziko. Zithunzi za dziko lino za m'ma 1890 zilipo ndithu: asilikali a Chisikh ochokera ku India ndi achikuda ali pamzere, maboma atsopano, sitima za pamtsinje. Sitima zankhondo za Herald ndi Mosquito zinkayenda mu Shire muno, ndipo Nsanje inkatchedwa Port Herald. Koma ngakhale kamera inafulumira, inali m'manja mwa mbali imene inali ndi mfuti zazikulu, kuyambira nkhondo za Harry Johnston mpaka kugonjetsedwa kwa Mlozi ku Karonga mu Disembala 1895. Mafunso aja sasintha: wajambula ndani, wa mbali iti, patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo anthu aimawo anawaimika ndani. Amene tinaona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique akudzaza Nsanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 tikukumbukira kuti ojambula ankafika ku misasa, osati kumidzi kumene anthuwo anathawa.

Wofuna kuona zithunzi zakale za dziko lino akwere Thabwa apite ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, kapena ku National Archives ku Zomba. Mukafika musangopempha chithunzi, pemphaninso kuona zimene zinalembedwa pa icho ndi buku kapena chimbale chimene chinachokeramo, chifukwa zithunzi zoyandikana nacho ndizo zinzake zija.

Mwina mungapeze chenicheni m'sutikesi ya agogo kapena m'kabati ya ku mishoni. Cha m'zaka za m'ma 1800 nthawi zambiri chimakhala chofiirira, pa pepala lopyapyala kwambiri lomatidwa pa katoni, lonyezimira pang'ono chifukwa ankalipaka choyera cha dzira. Musachipititse kokamata pulasitiki, kutentha kwa makina aja kumachiwononga ndipo sichimatukanso. Musachipukute ndi nsalu yonyowa, musachikhomenso pakhoma pamene dzuwa limafika. Chiikeni pakati pa mapepala awiri oyera mu envulopu, pamalo okwera, kutali ndi chiswe ndi madzi osefukira, poti kuno Shire ndi Ruo salonjera polowa m'nyumba. Chijambuleni ndi foni pamthunzi, popanda fulashi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, m'mphepete monse mukuoneka. Kumbuyoko nthawi zambiri kumakhala chidindo cha situdiyo, dzina la tauni, kapena mawu a pensulo, ndipo potumizira ena muzitumiza mbali zonse ziwiri pamodzi ndi dzina la mudzi umene mwachipeza.